Ndikutsine khutu za manambala aja

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo wayamba kuzolowera. Kuno tilipo, kungoti ntchito yandipanikiza, ndiye undikhululukire kuti ndatha milungu itatu osakuyankha. Uthenga wako ndinauona tsiku lomwelo. Tsamba la apulofesa amene ukufuna kuti adzakuyang'anire pa digiri yako ndinaliwerenga mpaka pansi, mndandanda wonse wa mapepala awo pamodzi ndi manambala awiri aja oyeza kutchuka kwa wofufuza amene unawazunguliza. Ndikanangoti "pita, amenewo ndi akadaulo" nkhani ikanathera pomwepo, koma iwe sunandifunse zimenezo. Unandifunsa ngati manambalawo akusonyeza kuti munthuyo wasinthadi kanthu pa khansa ya m'mapapo, kapena ndi chikomekome cha mkuyu. Funso lotere siliyankhika ndi chala chimodzi pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi.

Pajatu ine si dokotala wa khansa. Ntchito yanga ndi ya mu labotale, kuyang'ana tizidutswa ta zotupa pa maikulosikopu n'kulemba zimene ndaona. Koma zimene ofufuza amasindikiza m'magazini awo zimadzathera patebulo ngati langa, ndipo m'pamene zimaonekera ngati zikugwira kapena ayi. Ndiye ndikuyankha ngati munthu wa patebulopo.

Nambala yoyamba ija ikungowerenga kuti ofufuza ena atchula mapepala awo kangati. Yachiwiri, h-index, anaiyambitsa a Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku yunivesite ya California ku San Diego, mu 2005. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Munthu akakhala ndi h-index ya 40, ndiye kuti ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa maulendo 40 kapena kuposerapo. Nzeru yake inali yabwino ndithu: pepala limodzi lamwayi silingakukweze, ndipo mulu wa mapepala amene palibe akuwawerenga sungakukwezenso. Sindikuinyoza. Munthu safika pa nambala yaikulu atagona.

Vuto ndi munda umene apulofesawo akulimamo. Khansa ya m'mapapo ndi imene imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira nayo. Pamene pali maliro ochuluka chonchi pamakhalanso ndalama zambiri za kafukufuku, ofufuza ambiri ndi magazini ambiri, ndipo onsewo amatchulana. Nthaka yake ndi yachonde, aliyense wodzalamo amakolola manambala. Komanso kafukufuku woyesa mankhwala pa odwala mazanamazana amachitikira m'zipatala zambiri za m'mayiko ambiri, ndipo pepala lake limatuluka ndi maina makumi awiri kapena atatu. Amene anaganiza funso n'kukonza ndondomeko yonse amalandira nambala yofanana ndi amene dzina lake lili pakati chifukwa chipatala chake chinalembetsa odwala. Kulembetsa odwala ndi ntchito yofunika, mutu umodzi susenza denga, koma iwe ukufuna munthu woti akakuphunzitse kuganiza. Ndiponso kompyuta yowerengayo sidziwa kusiyanitsa amene wakutchula pokuyamikira ndi amene wakutchula pokutsutsa. Kwa iyo onsewo ndi amodzi.

Kuti undimvetse, ndikukumbutse kumene nkhaniyi inachokera, ngakhale zina ukuzidziwa kale.

Mu 1992, ku yunivesite ya Kyoto ku Japan, gulu la a Tasuku Honjo linapeza jini, kachidutswa ka malangizo achibadwa a m'selo, imene linaitcha PD-1. Iwo ankafufuza mmene maselo amadziphera okha nthawi yawo ikakwana, ndipo dzinalo limanena zimenezo. Dzinalo linaphonya. Panapita zaka 7, mpaka mu 1999, kuti ntchito yake yeniyeni ionekere bwino, pamene mbewa zimene anazichotsa jiniyo zinayamba kudwala matenda amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe. PD-1 ndi buleki ya asilikali a m'thupi, otchedwa maselo a T. Chaka chomwecho a Lieping Chen, ali ku Mayo Clinic ku America, anafotokoza puloteni imene anaitcha B7-H1. Mu 2000 a Gordon Freeman a ku Dana-Farber ku Boston, mogwirizana ndi gulu la a Honjo, anasonyeza kuti puloteni imeneyo ndi imene imaponda buleki ija, ndipo ndiyo lero tikuitcha PD-L1. Mu 2002 gulu la a Chen linasonyezanso kuti zotupa zambiri za anthu, za m'mapapo zomwe, zimavala puloteniyi kunja kwa maselo awo. Msilikali akafika kuti amenye, chotupa chimamupatsa moni wa padzanja n'kumugoneka tulo. Mbali inayo, a James Allison ku Berkeley anali atasonyeza kale mu 1996 kuti ukamasula buleki ina yotchedwa CTLA-4, zotupa za mbewa zimatha.

Tangoganiza akanakupatsa pepala la 1992 lija patangopita zaka zitatu, n'kukuuza kuti uyeze kufunika kwake. Ukanaona jini yokhala ndi dzina losokeretsa, yopanda ubale uliwonse wooneka ndi khansa. Mu 2018 a Honjo ndi a Allison analandira mphoto ya Nobel. Mphoto imeneyo sigawidwa kwa anthu oposa atatu, ndipo a Chen ndi a Freeman sanatchulidwe. Komatu ine ndikaweramira pa maikulosikopu, chimene ndimasaka ndi puloteni ya a Chen. Ngati mphoto yaikulu choncho imasiya anthu otere panja, kuli bwanji nambala yowerengedwa ndi kompyuta?

Za m'mapapo zinadabwitsa ambiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ngati khansa imeneyi simvera chitetezo cha m'thupi. Ya pakhungu yotchedwa melanoma ndi ya impso ndi zimene zinkapereka chiyembekezo. Akatemera anayesedwa, koma osaphula kanthu. Mmodzi wa iwo, m'kafukufuku wa MAGRIT, anayesedwa pa odwala oposa 2,000, ndipo mu 2014 zinadziwika kuti sathandiza. Mwa odwala 100 alionse amene khansa yawo inali itafalikira m'thupi, pafupifupi 5 okha ndi amene ankafika zaka 5.

Mu June 2012 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza mapepala awiri, lina lotsogozedwa ndi a Suzanne Topalian, lina ndi a Julie Brahmer, onse a ku Johns Hopkins. La a Topalian linali la mankhwala omasula buleki ya PD-1 amene pambuyo pake anatchedwa nivolumab, pa odwala 296 a khansa zosiyanasiyana. Mwa odwala 76 a khansa ya m'mapapo amene zotsatira zawo zinayezedwa, 14 zotupa zawo zinafota, ndipo anali anthu oti mankhwala ena anali atakanika kale. Ndi ochepa, inde, koma mwa ena kufotako kunakhalitsa kupitirira chaka, zimene chemotherapy, mankhwala akale opha maselo a khansa, sinkachita kawirikawiri. Mu 2015 a Brahmer anatsogolera pepala la CheckMate 017, kafukufuku wa odwala 272 a mtundu wa khansa ya m'mapapo wotchedwa squamous. Patatha chaka chimodzi, 42 peresenti ya olandira nivolumab anali moyo, pamene mwa olandira docetaxel, mankhwala a chemotherapy, anali 24 peresenti. Mu March chaka chomwecho bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawo pa mtundu umenewu wa khansa. Apa ndingakuuze mosaphethira kuti mayi amenewa anasintha kanthu, ndipo h-index yawo sindinaiyang'anepo. Umboni wanga ndi woti wodwala amene akanapatsidwa docetaxel anayamba kupatsidwa china.

Koma mtima wanga uli pa kandime kena m'pepala la 2012 lija. Ofufuzawo anayeza zotupa za odwala 42 kuti aone ngati zili ndi PD-L1. Mwa 25 amene zotupa zawo zinali nayo, 9 anathandizika. Mwa 17 amene zinalibe, panalibe ndi mmodzi yemwe. Apa m'pamene panabadwira funso limene apulofesa ako akudyerapo: tingadziwe bwanji, tisanapereke mankhwala, kuti uyu athandizika ndipo uyu ayi? Chizindikiro chotiuza zimenezo ndi chimene amati biomarker. Si funso laulesi ayi. Mankhwalawa ndi odula kwambiri, ndipo walira mvula walira matope: asilikali ukawamasula amatha kuukira mapapo enieniwo, matumbo, chiwindi kapena chithokomiro. M'kafukufuku yemweyo anthu 3 anamwalira ndi kutupa kwa mapapo kobwera ndi mankhwalawo. Kupereka immunotherapy, chithandizo chomasula asilikalichi, kwa munthu woti simuthandiza n'kumusenzetsa matope opanda mvula.

Zija zoti palibe ndi mmodzi yemwe mwa 17 zinali zokongola, koma sizinakhale choncho mpaka kale. Mu CheckMate 017 kuchuluka kwa PD-L1 sikunalosere kanthu, okhala nayo ndi opanda onse anathandizika. Mu CheckMate 057, wa mtundu wina wa khansa yomweyi, wosindikizidwa chaka chomwecho, kunalosera. Chizindikiro chimodzi, mankhwala amodzi, mayankho awiri.

Chaka cha 2016 ndi chimene chinaonetsa kulemera kwake. Makampani awiri anali pa mpikisano wofuna kuti mankhwala awo akhale oyamba kuperekedwa kwa wodwala m'malo mwa chemotherapy. A Merck, eni pembrolizumab, mankhwala enanso omasula buleki ya PD-1, anasankha odwala okhawo amene theka la maselo a chotupa chawo, kapena kuposerapo, linali ndi PD-L1. Mzere wa 50 peresenti umenewu sanaulote, unachokera m'kafukufuku wa KEYNOTE-001 amene a Edward Garon ndi anzawo anasindikiza mu 2015. Odwala otere ndi pafupifupi 30 mwa 100 alionse, ndiye kampaniyo inalolera kuyamba ndi msika wochepa. A Bristol Myers Squibb, eni nivolumab, anatambasula ukonde, n'kuika mzere pa 5 peresenti. Kafukufuku wawo, CheckMate 026, anagwa: nivolumab sanapose chemotherapy. Wa anzawo, KEYNOTE-024, wotsogozedwa ndi a Martin Reck a ku Germany pa odwala 305, anapambana. Theka la olandira pembrolizumab linafika miyezi 10.3 matenda asanayambirenso kukula, pamene a chemotherapy anali pa miyezi 6.0. Patatha zaka 5, amoyo anali 31.9 peresenti mbali ya pembrolizumab ndi 16.3 peresenti mbali ya chemotherapy. Panali kusiyana kwina pakati pa akafukufuku awiriwa, ndiye sindikunena kuti mzere wokhawo ndi umene unagamula mlandu. Koma mankhwala omasula buleki imodzimodzi, ena n'kupambana ena n'kugwa, aliyense anaona kuti kusankha wodwala si nkhani yapambali.

Tsono ndikuuze mmene mzere wa 50 umaonekera kwa amene ali pa maikulosikopu, pakuti m'magazini umaoneka wowongoka ngati wolembedwa ndi rula. Kachidutswa kamene amatitumizira nthawi zambiri kamakhala kotengedwa ndi singano, kowonda ngati ulusi, kuchokera mu chotupa chimene mwina ndi chachikulu ngati chibakera. Timapaka mankhwala amene amachititsa PD-L1 kuoneka yabulauni, ndiye timawerengera kuti mwa maselo a khansa amene tikuwaona ndi angati ali ndi mkombero wabulauni. Pamafunika maselo amoyo osachepera 100. Koma chotupa sichofanana ponseponse, mbali iyi chadera, mbali iyo chayera, ndipo singanoyo inangolowa pamodzi. M'mapapo mumadzazanso maselo ena a chitetezo otchedwa macrophage, amene nawonso amada, ndipo diso lotopa lingawawerengere limodzi ndi a khansa.

Tsiku lina ine ndi mnzanga wa kuntchito tinayang'ana galasi limodzi. Ine ndinati 40, iye anati 60. Tonse si ana pa ntchitoyi. Tinakhala pa maikulosikopu ya mitu iwiri mpaka masana, kulozerana selo ndi selo, ndipo tinapeza kuti kusiyana kwathu kunali pa kagulu kena ka maselo kamene ine ndinkati ndi macrophage pamene iye ankati ndi khansa. Kuseri kwa galasilo kunali munthu amene sindinamuonepo, wodikira kumva ngati alandira immunotherapy yokha kapena yophatikiza ndi chemotherapy. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Chiyambire tsiku limenelo, ndikamawerenga pepala la biomarker yatsopano ndimayamba ndafunsa kuti anthu awiri atayeza chinthu chimodzi angapeze yankho limodzi?

Kuwonjezera pamenepo, kampani iliyonse inabwera ndi kayezedwe kake ka PD-L1 koyendera mankhwala ake. Pembrolizumab ankayendera 22C3, nivolumab 28-8, durvalumab SP263, atezolizumab SP142. Mankhwala opakira anayi, makina a makampani awiri, mizere yosiyanasiyana. Ndi labotale iti ingagule zonsezo? Nanga kachidutswa konga ulusi kaja kangakwanire mayeso anayi? Amene anakhala pansi kuti aunike chisokonezochi ndi gulu la ntchito yotchedwa Blueprint, imene pepala lake loyamba linatuluka mu 2017 mu Journal of Thoracic Oncology, dzina lotsogola lili la a Fred Hirsch. Usawasokoneze ndi a Hirsch a h-index aja, awa ndi ena, dokotala wa za khansa ya m'mapapo, ngakhale ine zimandiseketsa kuti maina awiriwa akumana m'kalata imodzi. Anatenga zotupa 39, n'kupaka chilichonse ndi mankhwala onse anayi, akatswiri atatu n'kuwerenga. Atatu mwa mayesowo anagwirizana kwambiri pa maselo a khansa. SP142 inkadetsa maselo ochepa kuposa anzake. Pa maselo a chitetezo, owerengawo ankasiyana kwambiri.

M'pepala limenelo mulibe mankhwala atsopano, mulibe wodwala amene anachira, ndipo si nkhani yoti ingatuluke pa wailesi. Koma kwa ife a mu labotale linatiuza chinthu chimene tinkachifuna tsiku ndi tsiku: kuti makina amene tili nawo tingawakhulupirire mpaka pati, ndi kuti mayeso ati tiziwayang'ana ndi diso lachiwiri. Ukandifunsa kuti ndi wofufuza uti amene ntchito yake imakhudza manja anga kawirikawiri, yankho langa lili pamenepa, osati pa amene maina awo amamveka kwambiri.

Pali mapepala awiri ang'onoang'ono amene ndikufuna uwaike pafupi, chifukwa amayankha funso lako kuposa mmene ine ndingayankhire. Mu 2015 a Naiyer Rizvi ndi anzawo a ku Memorial Sloan Kettering ku New York anasindikiza mu magazini ya Science pepala limene linagwedeza aliyense. Anawerenga majini a zotupa za odwala 34 olandira pembrolizumab, n'kupeza kuti amene zotupa zawo zinali ndi zolakwika zambiri m'majini ndi amene ankathandizika kwambiri. Zinali zomveka. Utsi wa fodya umawononga majini, selo la majini owonongeka limapanga mapuloteni achilendo, ndipo mlendo asilikali amamuzindikira msanga. Muyezo umenewu unatchedwa TMB, ndipo pepalalo latchulidwa maulendo masauzande. Mu 2018 kafukufuku wa CheckMate 227 anaoneka ngati wautsimikizira: mwa odwala a TMB yokwera, nivolumab wophatikiza ndi ipilimumab, womasula buleki ya CTLA-4 ija, anachedwetsa kukula kwa matenda kuposa chemotherapy. Koma atadikira kuti aone kutalika kwa moyo, anapeza kuti phindu linalipo kwa a TMB yokwera ndi a yotsika omwe. Mu January 2019 kampani ya Bristol Myers Squibb inabweza pempho lake ku FDA lofuna kugwiritsa ntchito muyezowo posankha odwala. N'zoona kuti mu 2020 FDA inavomereza pembrolizumab kwa odwala a khansa zosiyanasiyana amene TMB yawo ndi yokwera ndipo njira zina zawathera. Koma pa khansa ya m'mapapo, dokotala akamasankha chithandizo choyamba, chimene amayang'ana kawirikawiri ndi PD-L1 yomwe ija, ndi zilema zake zonse.

Sindikunena kuti a Rizvi analakwitsa. Zimene anaona zinali zoona, ndipo zinatsegula maso a anthu pa chifukwa chimene osuta fodya ambiri amathandizikira kuposa amene sanasutepo. Koma chinthu chikhoza kukhala choona mu sayansi, n'kukhala chosakwanira kugamulirapo za munthu mmodzi amene wakhala pamaso pa dokotala. Nambala ya kutchulidwa kwa pepalalo sinatsike pamene zimenezi zinadziwika. Imangokwerabe, pakuti nambala zimenezi sizibwerera m'mbuyo.

Pepala linalo ndi la a Patrick Forde a ku Johns Hopkins ndi anzawo, la mu 2018. Odwala 21 okha, opatsidwa nivolumab asanachitidwe opaleshoni. Mwa zotupa 20 zimene zinachotsedwa, 9 zinapezeka kuti maselo ake a khansa atsala pang'ono kutheratu. Munthu akanatha kunena kuti anthu 21 ndi chiyani. Koma mu 2022 kafukufuku wamkulu, CheckMate 816, anapeza kuti mwa olandira nivolumab ndi chemotherapy opaleshoni isanachitike, 24 peresenti analibe selo lamoyo la khansa ndi limodzi lomwe m'zimene zinachotsedwa, pamene mwa olandira chemotherapy yokha anali 2.2 peresenti. Limeneli linaima nji, ndipo linasintha ndondomeko ya chithandizo. Mapepala onse awiri anali a odwala ochepa, onse anatuluka m'magazini otchuka, onse anatchulidwa kwambiri. Chaka choyamba sukanadziwa kuti liti lidzafika pa bedi la wodwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsamba la apulofesa lija silikuuza zimene zinachitika pambuyo pa pepala lililonse. Zimenezo uyenera kuzilondola wekha.

Ndisaiwale zizindikiro zimene ntchito yake ndi kuletsa. Mu 2004 magulu a ku Boston anapeza kuti odwala amene chotupa chawo chili ndi kusintha mu jini ya EGFR amathandizika kwambiri ndi mapiritsi a gefitinib, ndipo mu 2007 gulu la a Hiroyuki Mano ku Japan linapeza kusintha kwina kokhudza jini ya ALK. Odwala amenewa, ambiri mwa iwo osasuta, immunotherapy siwathandiza kwenikweni ngakhale PD-L1 itakwera. N'chifukwa chake anasiyidwa dala mu KEYNOTE-024, ndipo dokotala wosamala amadikira zotsatira za majini asanathamangire jakisoni. Wofufuza amene wasonyeza kuti mankhwala akuti asaperekedwe kwa anthu akuti sapangiridwa phwando, koma wapulumutsa anthu ku mavuto achabe.

Ndiye za apulofesa ako. Manambala awo andiuza kuti ndi munthu wolimbikira, wodziwika, wokhala pakati pa zinthu. Zimenezo si zachabe, chifukwa munthu wotero amakhala ndi ndalama za kafukufuku, zotupa zosungidwa zoti uphunzirepo, ndi anzake m'mayiko ambiri. Chimene sanandiuze n'chakuti mutu wawo umayenda bwanji. Pa mndandanda uja ndaona kuti mapepala otchulidwa kwambiri ndi a akafukufuku akuluakulu amene dzina lawo lili pakati, ndi ena ongosonkhanitsa zimene ena anapeza. Amenewo uwadumphe kaye. Usankhe atatu amene dzina lawo lili koyamba kapena kumapeto, makamaka a zaka zisanu kapena kuposerapo zapitazo, uwawerenge bwinobwino, kenako ufufuze kuti chizindikiro chimene anachilengezacho chinathera kuti. Kodi gulu lina, kwina, pa odwala ena, linachipezanso? Kodi chinalowa m'malangizo amene madokotala amatsatira, kapena chinangothera pa msonkhano? Ngati chinakanika, ukaone ngati iwo eni analembapo za kukanikako. A David Carbone ndi anzawo anasindikiza CheckMate 026 mu 2017, kafukufuku wogwa, m'magazini yomwe ija ya New England, ndipo tonse tinaphunzirapo. Munthu amene pa zaka makumi awiri alibe pepala ndi limodzi lomwe lonena kuti "tinkaganiza chakuti koma sizinatero", ine amandichititsa mantha kuposa wa nambala yotsika.

Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala kandime ka zilembo zing'onozing'ono konena makampani amene amalipira wolembayo. M'gawo lino pafupifupi aliyense wotchuka ali nako, chifukwa mankhwalawa ndi a makampani ndipo sungawayese popanda iwo, ndiye usadzidzimuke. Ungoona ngati zimene amapeza zimakomera kampani imodzi nthawi zonse.

Ngakhale ofufuza eni ake nkhani ya manambalayi imawavuta. Mu 2012 ku San Francisco ena a iwo analemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha mayunivesite ndi opereka ndalama kuti aziyeza ntchito ya munthu poiwerenga, osati poyang'ana kutchuka kwa magazini imene yatulukamo. Ambiri anasaina. Koma makomiti ndi anthu otanganidwa, ndipo nambala imawerengeka msanga kuposa pepala.

Chinanso chimene tsamba lija silingakuuze ndi cha ophunzira awo akale. Ufufuze awiri kapena atatu, uwalembere mwaulemu, uwafunse ngati apulofesawo amapezeka, ngati amawerenga zimene wophunzira walemba, ngati dzina la wophunzira limakhala koyamba pa ntchito imene wagwira yekha. Ufunsenso chimene chimachitika zotsatira zikatsutsana ndi zimene bwana amakhulupirira. Ukawafunse apulofesawo maso ndi maso kuti ndi biomarker iti imene anaikhulupirira kenako n'kuisiya. Ndikufuna ndidzamve mmene nkhope yawo idzasinthire.

Mapepala atatuwo ukawasankha unditumizire, ndidzawerenga mbali ya kayezedwe ndi zithunzi za maikulosikopu, pakuti kumeneko ndiye kwathu. Ngati ungapeze zithunzi zowonjezera zimene amaziika padera pa intaneti, utumize zomwezo, chifukwa chimene amachiika m'pepala lenilenilo chimakhala chokongola kuposa zonse. Tsiku lomaliza loyankha ndi liti? Sunanditchulire, ndipo ndikukudziwa iwe ndi kuzengereza kwako.

Undiperekere moni kwa onse kumeneko.

Ine mnzako wa kalekale